Botolo Lagalasi pa Mlatho

Mdzukulu wanga ndinkamuuza kuti asamaweruke mdima utagwa. Samva! Ntchito yake ndi yoyeza madzi. Amaviika kandodo ka mawaya m'kapu, n'kumadikira manambala pa makina. Akuti amafufuza fuloraidi, kamchere kosaoneka kamene kakachuluka kamathimbiriritsa mano a ana. Kakachepa kwambiri, manambala amachedwa kukhazikika. Tsiku lina anachedwadi, mpaka basi yopita kunyumba inamusiya.

Ananyamuka wapansi, khanda lake lili ndi ine. Njira imadutsa pa mlatho, pafupi ndi nyumba yathu yakale yopanda denga, imene iye anali ataigulira malata kuti akakhalemo ndi mwanayo.

Mphepo inaleka. Agalu zii. Kenako mapazi kumbuyo... Akaima, nawo aima.

"Iwe woyeza madzi!"

Anacheuka. Mayi wa msinkhu wake, dzanja lili pakamwa, lina lagwira botolo.

"Undiyezereko awa. Ndi a pachitsime cha kuseri kwa nyumbayo."

Mwana wopusa, m'malo mothawa anayamba za kuntchito! "Pepani amayi, m'botolo lagalasi sitilandira. Mukatungire m'lapulasitiki."

Mayi uja anaseka, dzanja n'kuchoka pakamwa. Mano ofiirira, amathothomathotho...

"Wakula," anatero. "Tamwetulira ndione ako."

Anamwetulira, osadziwa chifukwa. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Oyera bwino. Chitsime chija mwana wako asadzamwe."

Botolo linali m'manja mwa mdzukulu wanga, lozizira ngati ayezi. Pokweza maso... palibe munthu!

Anafika kuno ali wefuwefu. Anandifotokozera zonse. Ndinatulutsa kachithunzi kofwifwa, kamodzi kokha kamene tili nako: mwana wanga, dzanja lili pakamwa. Ankachita manyazi ndi mano ake, poti anakulira madzi a chitsimecho. Anamwalira n'kusiya mdzukuluyu ali woyamwa, ife n'kusamuka. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Agogo," anatero, misozi ili chuchuchu, "ndiye ndaona amayi akuseka?"

M'mawa anakatunga yekha m'lapulasitiki. Manambala sanachedwe, anangolumpha. Malata anagulitsa.

Koma masiku ano amaweruka mochedwa mwadala, n'kumayenda pang'onopang'ono pa mlathopo. Ndimamukalipira, inde. Usiku si woyendamo, ana inu! Komatu akangotsegula chitseko, ndine woyamba kufunsa: "Wamuona?"