Chitseko Chimene Ndinasandutsa Tebulo

Aliyense pamsewu wathu amadziwa kuti manja angawa akagwira chinthu sachisiya mmene chinalili. Titagula nyumba yakale ija, anthu ankaseka kuti tagula bwinja. Patangotha miyezi inayi, omwewo ankaima pageti kukamwa kuli yasa. Makoma ndinapaka penti ndekha. Mipando yong'ambika ndinaikuta nsalu yatsopano. Madirowa a kabati yothyoka ndinawakhoma pakhoma, akhala mashelefu mpaka lero. Kusekondale sindinapitire kukatenthetsa benchi ine.

Kachipinda kakumapeto ndinakonzera amayi anga, amene maso awo anali atachita khungu. Chitseko chake chinali cha thabwa lolemera, losafumbwa ngakhale pang'ono. Koma mpiringidzo wake wachitsulo unali kunja, osati mkati. Ndipo kumbali yamkati kunali timizere tokanda ndi msomali, monga amachitira makolo poyeza msinkhu wa mwana. Ndinawerenga tisanu ndi tiwiri. Kapamwamba kanalekezera m'chiuno mwangamu.

Ndinachizula chitsekocho kuti amayi akaitana usiku ndizimva. Pakhomopo ndinapachika katani yamaluwa. Thabwa labwino chotero silotaya, choncho ndinati likhala tebulo lodyera.

Akalipentala amene anabwera kudzaika miyendo analitembenuza kawiri, n'kukanda m'mutu.

"Mayi, ine matabwa ndakalamba nawo. Chitseko cha mpiringidzo kunja sitizula tisanafunse chimene ankatsekera."

"Inu ikani miyendo," ndinatero. "Ulaliki asiyireni abusa."

Ndinakwecha ndi sandipepala mpaka timizere tonse tinafufutika. Vanishi ndinapaka katatu. Atauma, munthu ukanatha kupesa tsitsi ukudziyang'anira patebulopo.

Madzulo amene tinadyerapo koyamba, amuna anga anali paulendo wakuntchito. Tinalipo awiri, ine ndi amayi. Iwo anasisita tebulo ndi chikhatho.

"Thabwali likuzizira bwanji, mwanawe?"

"Ndi vanishi wodula ameneyo, amayi. Simunamuzolowere."

Ndinawagoneka, ndinazimitsa magetsi, nanenso n'kukagona.

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku. Go, go, go.

Ndinayesa amuna anga abwera msanga. Ndinasuzumira pawindo lakumaso. Pakhonde panalibe munthu. Ndinapita kukhomo lakuseri. Zii. Ngakhale agalu a aneba sanauwe.

Pobwerera ndinayatsa getsi lapabalaza. Ndipamene kunamvekanso, kumbuyo kwanga.

Go, go, go.

Linali tebulo. Botolo lamaluwa limene ndinapaka penti wagolide linkanjenjemera pamwamba pake. Ndinawerama kuyang'ana kunsi. Miyendo inayi ya akalipentala, basi. Kugogodako kunali kofooka, kwa kadzanja kakang'ono kamene katopa koma sikakufuna kuleka.

Ine si munthu wamantha, funsani aliyense. Koma ndinangoima pomwepo, maso ali patebulo.

Kenaka ndinamva mawu a amayi kuchokera kukachipinda kaja, mawu aulemu amene amalandirira alendo.

"Ndani kodi? Lowani."

Ndinafuna kukuwa kuti amayi musayankhe. Koma anali atayankha kale.

Kugogoda kunaleka. Botolo linakhazikika. Ndikuyang'ana chonchi, katani yanga yamaluwa inatukuka mbali imodzi, m'munsi mokha, polekezera m'chiuno. Kenaka inabwerera. Mawindo onse anali otseka.

Mphamvu zothamangira sindidziwa kumene zinachokera. Ndinapeza amayi atakhala pabedi. Dzanja lawo lamanja linali m'malere, likusisita pamalo popanda kanthu, pang'onopang'ono, monga amasisitira mutu wa mdzukulu.

"Mwana wa yani ameneyu mukumusiya wopanda juzi? Wazizira ngati mwala."

"Amayi, dzukani. Tiyeni kuchipinda kwanga."

"Akuti ndisapite. Akuti wakhala yekha nthawi yaitali."

Ndinawagwira dzanja lamanzere n'kukoka. Amayi ndi munthu wochepa thupi, ndimawanyamula posamba. Usiku umenewo sanasunthike. Dzanja lawo lina linawongoka kuloza pakona, ngati wina waligwira ndi manja awiri.

"Musandikoke chotero nonse awiri, mundithyola," anadandaula amayi.

Ndinagwada, ndinawaponya kumsana, n'kudzuka ndi mphamvu zanga zonse. China chake chinalekerera mwadzidzidzi, moti tinatsala pang'ono kugwera pakhoma. Ndinathamanga nawo mpaka kuchipinda kwanga, ndinakiya, n'kutsamiritsa kabati pachitseko. Amayi anagona tulo tabwinobwino. Ine ndinakhala tsonga mpaka kunja kunayera, ndikuwagwira mkono.

M'mawa ndinaitanitsa akalipentala. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. Anachotsa miyendo, n'kuimika thabwa lija pakhomo pake. Kenaka anaima chilili.

"Mayi, tabwerani."

Panali kamzere kamodzi katsopano. Sikanali pamwamba pa vanishi ayi, kanali kunsi kwake, vanishi ali wosalala osakandika. Ndinaima pafupi. Kanapitirira m'chiuno mwanga ndi zala zinayi.

"Wakula," anatero akalipentala motsitsa mawu. "Kupachika ndipachika, mpiringidzo ndibwezera. Koma mukudziwa mbali imene ali?"

Anamanga mahinjesi, ndipo mpiringidzo ndinakoka ndekha.

Mayi wa golosale yapakona ndiye anandinong'oneza masana ake. Akuti banja limene linkakhala muno kale linali ndi mwana amene ankangomveka mawu, osaoneka panja. Akuti tsiku losamuka anthu anaona mipando, mabedi ndi mapoto zikukwera lole. Mwana palibe anamuona akukwera.

Tsopano papita miyezi itatu. Kugogoda sikunamvekenso. Alendo akabwera amayamikira mashelefu anga, ndipo akafunsa za chitseko chonyezimira chakumapetocho ndimati ndi sitolo. Amayi amagona kuchipinda kwathu, pabedi limene ndinawakonzera ndekha, lokwana munthu mmodzi.

Koma usiku uliwonse ndikawafunditsa, amasendera kukhoma. Amasiya malo kumphepete, n'kutukula bulangete pang'ono.