Dontho Lofiira la Gwede

Sesiliya ali ndi bakha. Dzina lake ndi Gwede. Gwede ndi woyera mbee! Amakonda kusambira padziwe la kuseri kwa nyumba.

Koma lero Sesiliya wakwiya. Wakwiya kwambiri.

Galimoto ya mafuta yagubuduzika pamsewu wa ku Mwami. Mafuta atayika. Alowa m'ngalande. Afika padziwe. Gwede wada bii! Akunjenjemera. Gaga akumukana.

Anthu ochotsa mafuta abwera kuchokera ku Chipata. Ali ndi mafosholo. Ali ndi matumba a utuchi. Galimoto yawo yadutsa, vuu! Sinaime. Yadutsanso, vuu! Sinaimenso.

"Atate, anthu amenewa alibe maso?" wafunsa Sesiliya.

"Akutsata mapu, mwanawe," atero Atate. "Woona mafuta amatumiza chithunzi pafoni."

"Tumizani tsono!"

Atate atulutsa foni yawo. Ndi kafoni ka mabatani. Sikajambula n'komwe!

Sesiliya waponda pansi, di! Ndani sangakwiye? Wakulunga Gwede m'chiguduli. Wamuika m'beseni. Uyo, ulendo wa kumsewu! Atate akubwera pambuyo, ali wefuwefu.

Kumsewu kuli Amayi Dolika. Iwo ndi mtsogoleri wa ochotsa mafuta. Anyamula foni yaikulu ngati buku.

"Amayi!" wakuwa Sesiliya. "Mapu anuwo ndi abodza!"

"Iwe, ulemu uli kuti?" atero Atate.

Gwede nayenso wakwiya. Wakupiza mapiko, pha pha pha! Malaya a Amayi Dolika ali mathothomathotho.

Amayi Dolika sanakalipe. Anyonyomala pafupi ndi Sesiliya. "Taona apa, mwanangu," atero. "Dontho lofiira ndi malo a mafuta. Tikachotsa mafuta, dontholo limabiriwira."

Sesiliya wayang'ana pamapu. Msewu uwo. Nyumba yawo iyo. Dziwe ilo, laling'ono ngati nyemba. Koma dontho palibe.

"Mwatiiwala!" watero Sesiliya. Misozi ili lengelenge.

"Pepa. Mapu alibe mphuno," atero Amayi Dolika. "Sanunkhiza mafuta. Amadziwa zimene tawauza basi."

"Ndiwauza ine!"

Sesiliya wadina padziwe ndi chala. Wadina ndi mkwiyo wake wonse.

"Pang'onopang'ono, ungaswe foni ya eni!" atero Atate.

Dontho lofiira laoneka, psuu! Laonekanso pamafoni a antchito onse.

"Dziweli dzina lake n'chiyani?" afunsa Amayi Dolika.

"Dziwe la Gwede!"

Amayi Dolika alemba dzinalo pamapu.

Vuu! Galimoto ya antchito ija yabweranso. Ulendo uno yaima. Antchito amwaza utuchi. Utuchi wamwa mafuta. Akumba matope akuda. Awathira m'migolo. Amayi Dolika asambitsa Gwede ndi sopo ndi madzi ofunda. Sesiliya wamupukuta. Gwede wadya gaga yense.

Papita masiku. Amayi Dolika abweranso. Aonetsa Sesiliya mapu aja. Dontho labiriwira! Pambali pake pali dzina: Dziwe la Gwede.

Sesiliya watsegula khola la Gwede. Gwede watuluka, woyera mbee! Wathamanga. Wadumphira m'matope, phava! Wadanso.

"Gwede, iwe!" wakuwa Sesiliya. "Sopo yense uja!"

Atate aseka mpaka kugwira nthiti. "Tiitanenso galimoto?"

Sesiliya wanunkhiza Gwede. Wanunkhizanso.

"Iyayi, Atate," watero akumwetulira. "Awa ndi matope chabe."