Thukuta la M'kabati ya Galasi

Madzulo a tsiku limenelo Mayi Sopo anali kuseri kwa holo, akuanula majezi pachingwe. Dzina limeneli anawapatsa ndi osewera, chifukwa kwa zaka pafupifupi makumi awiri ndi iwo ankachapa, kusita ndi kusoka zovala za timu ya basiketibolo ya m'deralo. Majezi amene ankapindawo anali a masewero achisanu ndi chinayi otsatizana omwe timu inaluza.

Timu inali itasanduka choseketsa, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Wometa wa pakona ankati achotse kochi basi. Dalaivala wa basi ya timu ankati agule chimphona chakunja chotalika ngati polo ya magetsi. A Kochi nawo anasintha zonse zosinthika: anathamangitsa anyamata m'mamawa, anawaletsa mowa ndi zibwenzi, anajambula mizere pabolodi mpaka choko chinatha. Koma mpira ukaponyedwa unkazungulira pa ling'i yogoletsera kawiri n'kugwera panja, ngati wakumbukira kuti kwawo si kumeneko.

Akupinda jezi yomaliza, Mayi Sopo anamva mawu a mwini timu akutulukira pawindo la ofesi.

"Kochi, tikatsika ligi chaka chino ndikutseka. Holoyi pali anthu akuifuna, akuti asungiremo simenti."

Mtima wa Mayi Sopo sunapite pa ntchito yawo ayi, unapita kwa amuna awo. A Manzere, katswiri woponya ndi dzanja lamanzere, anali mmodzi wa osewera asanu amene anabweretsa chikho zaka makumi atatu zapitazo, chikho chokhacho chimene timuyo inachiona. Tsopano maondo anali atatha, koma m'mawa uliwonse ankameta ndevu, kuvala jekete, n'kugogoda ndodo mpaka ku holo kukapereka malangizo amene palibe anawapempha. Mwana wawo yekhayo ankasewera mu timu yomweyo, ngakhale kuti masapota ankamutcha Mlonda wa Benchi poti ankangokhala pabenchi. Mayi Sopo ankadziwa bwino kuti kuwatsekera bambowo holo imeneyo kunali kuwakumbira manda.

M'khonde la holo munali kabati ya galasi. M'menemo munali chikho chija ndi majezi asanu a tsiku limene chinabwera, osachapidwa chiwavulireni. Amalume awo a Mayi Sopo, amene ankagwira ntchitoyi iwo asanayambe, anawachenjeza tsiku limene ankawasiyira makiyi.

"Majezi awa usadzawasakanize ndi a anyamata, ngakhale kaulusi kokha. Thukuta silimuiwala mwini wake. Wothamanga amakhala wina, wotopa n'kukhala wina."

Nthawi imeneyo Mayi Sopo anangoseka. Madzulo amenewa sanaseke. Anatsegula kabati, fungo la thukuta lakalekale n'kuwawomba kumaso. Ndi lezala anadula kansalu kangati chikhadabo m'khwapa mwa jezi ya a Nsanja, ya a Njinga, ya a Chitseko, ndi ya mnzawo wachinayi amene anasamukira kutali. Tinsaluto anatisokera m'kati mwa kolala za anyamata anayi oyambirira. Jezi yachisanu, ya amuna awo, anaigwira, anainunkhiza, n'kuibwezera pamalo pake yathunthu. Anadziuza kuti zinayi zakwana. Anadziuzanso kuti kutopa pang'ono sikunaphepo munthu.

Loweruka masana timu inawina ndi mapointi makumi atatu. Holo inagwedezeka, wometa uja anakumbatira a Kochi ngati si iye ankafuna kuti achotsedwe. A Manzere anafika kunyumba akuimba, ndodo ili paphewa.

"Mayi, munamuona mnyamata wamtali uja? Katembenukidwe kake ndi ka Nsanja yeniyeni. Ndinachita kumva tsemwe."

"Ndinaona," anayankha Mayi Sopo, maso ali pa ketulo.

Chimene a Manzere sanadziwe n'chakuti masana omwewo, m'nyumba ya a Nsanja munali masewero enanso. Akazi awo ali kukhitchini anamva nsapato zikulira pasimenti ya pabalaza, kwii, kwii, monga zimalirira pabwalo osewera akamatembenuka. Atasuzumira anapeza amuna awo ali pampando wawo wa masiku onse, opanda nsapato, malaya atanyowa ngati agwera m'chitsime. M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi mafuta opaka m'maondo aja amene anasiya kugulitsidwa kalekale.

"Bambo, mukumva bwanji?"

"Kauzeni kochi andipumitse."

"Kochi wake uti? Muli m'nyumba mwanu muno."

"Andipumitse pang'ono chabe. Mpweya ukundithera."

Loweruka lachitatu a Nsanja anafera pampando womwewo, timu ikutsogola. Adokotala anati ndi mtima. Koma amene anakonza thupi anatuluka akunong'onezana kuti kumapazi kunali matuza atsopano, pomwe munthuyo anatha zaka ziwiri osafika ndi pageti pomwe. Pamaliropo Mayi Sopo anatunga madzi, anatsuka mbale, analira kuposa namfedwa, mpaka anthu anayamikira kuti mayiyu ali ndi mtima wabwino. Iwo ankangodzibwerezera mawu a adokotala. Ndi mtima, munthu wamkulu ameneyu, ndi mtima.

Patatha masabata awiri anatsatira a Njinga. Iwowo anagwa m'shopu yawo yokonza mawotchi, Loweruka masana, makasitomala akuona. Wina analumbira kuti anamva wenzulo ikulira m'kati mwa shopumo. Wina anati dzanja la malemuyo linkangodunda m'mwamba ngati pali mpira, mpaka linazizira. Kenako inabwera foni yochokera kutali, kuti wachinayi uja naye ali m'chipatala, sakuzindikira munthu.

Mphekesera zinayaka ngati moto wa udzu. Timu ikawina, nkhalamba ikugwa, ndiye pamenepa pankafunikanso sukulu? Ndipo monga mudziwa, mutu ukakula sulewa nkhonya. Zala zonse zinaloza a Kochi, munthu wobwera, wosadziwika kwawo. Masapota omwe ankawanyamula Loweruka ndi omwe ankagenda denga la nyumba yawo Lamlungu. Akazi awo akafika pamsika, ogulitsa ankaphimba katundu n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lina a Kochi analowa m'chipinda chochapira, anakhala pa ndowa yovundikira, n'kugwira kumutu.

"Amayi, inu mwakhala pano nthawi yaitali. Ine ndalakwa chiyani?"

"Anthu amangolankhula, a Kochi."

"Mwana wanga wamkazi akukana kupita kusukulu. Akuti anzake sakufuna kukhala naye desiki imodzi."

Mayi Sopo anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi kufunsa ngati a Kochi angamwe tiyi. Mantha ndi chinthu chonyansa, abale anga. Mayiwa sanali mfiti yobadwa nayo, analibe nsupa kapena lichero, anali ndi singano ndi ulusi basi. Koma tsiku limenelo anaona munthu wosalakwa akulira pamaso pawo, iwo n'kumuthirira shuga.

Lolemba lotsatira analawirira ndi lezala m'thumba, atatsimikiza zosula tinsalu tonse. Anapeza dengu la zochapa muli makabudula ndi masokosi okhaokha. Anathamangira kwa kaputeni wa timu.

"Majezi ali kuti, mwanawe?"

"Amayi, tikuwinatu. Tagwirizana kuti majezi sachapidwanso mpaka ligi ithe. Aliyense akusunga yake kunyumba."

"Akununkhatu ngati mbuzi. Bweretsani ndingoviika m'madzi."

"Fungo lomwelo ndi limene likuthawitsa adani," anatero kaputeni, anzake n'kufa nacho chiseko. "Mungatichapire mwayi wathu. Ngakhale a Kochi sangaigwire yanga."

Anapempha, anakalipa, ananamizira kuti manambala akusosoka. Anyamata sanasunthe. Panatsala njira imodzi yokha, yonena zoona, ndipo imeneyo inawakanika. Ankati akanena, amuna awo awayang'ana bwanji? Walira mvula walira matope, ndipo matope ake anali atawafika m'khosi.

Loweruka lotsatira a Chitseko anafa ziwalo mbali imodzi. Mayi Sopo anawatengera malalanje kuchipatala, akazi a wodwalayo n'kuwagwira dzanja, amvekere, "Inu nokha ndiye munthu, enawa akutiopa." Anabwerera osaona njira. Chakudya chinasiya kulowa. Masana ena, holo ili yotseka, anamva mpira ukudunda pabwalo, du, du, du, pang'onopang'ono ngati wodundayo watopa. Atatuluka sanapeze munthu. Koma galasi la kabati linali litachita nthunzi m'kati, ndipo majezi anayi aja ankadontha madzi. Yachisanu yokha inali youma.

Kunyumba a Manzere anali atasiya kuimba. Ankakhala pakhonde n'kumawerenga anzawo ndi zala.

"Tatsala ochepa, mayi. Mwina wotsatira ndine."

"Inu sizikukhudzani."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndangotero," anayankha, n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

Linafika Loweruka lomaliza. Kuwina kunali kukhalabe mu ligi, kuluza kunali simenti. Mmodzi wa oyambirira, uja analibe kansalu m'kolala, anali atabinya bondo, choncho kwa nthawi yoyamba Mlonda wa Benchi anaitanidwa kuti ayambe nawo. Mayi Sopo anakhala pambali pa amuna awo pamzere wachitatu, akupemphera chamumtima kuti a Chitseko apirire ola limodzi lokhali, mawa majezi abwerera m'dengu ndipo zonse zitha.

Mwana wawo analandira mpira woyamba, anazemba anthu awiri, n'kuponya ndi dzanja lamanzere. Unalowa osakhudza ling'i. Holo inaphulika. Mayi Sopo sanakuwe nawo, chifukwa mwanayo chibadwire ngakhale supuni sankaigwira ndi manzere. Anaponyanso kachiwiri, kachitatu, ndi dzanja lomwelo. Pamenepo anamva fungo la mafuta a m'maondo aja pafupi penipeni. Atatembenuka anaona kolala ya jekete ya amuna awo itanyowa, chifuwa chikukwera n'kutsika, dzanja lamanzere likunjenjemera pa ndodo. Koma nkhope yawo inali kumwetulira.

"Mwamuona mwana wathu?" ananong'ona a Manzere. "Dzulo ndinapempha kiyi wa kabati kwa mlonda wa holo. Ndamupatsa jezi yanga, waivala m'kati. Ndinati amve kuti bambo ake ali naye."

Anzawo aja zinawatengera masabata ndi kansalu kangati chikhadabo. Iyi inali jezi yathunthu.

"Mayi, kukutentha muno. Mpweya ukuchepa."

Mayi Sopo sanadziwe kuti anatsika bwanji masitepe. Anangozindikira ali pakati pa bwalo, oimbira akuliza wenzulo, iwo atamugwira mwana wawo pakhosi. Anang'amba jezi ya pamwamba, n'kuyamba kukoka yakale ija ndi manja awiri.

"Amayi, mwatani? Anthu akuonatu."

"Vula. Ukuwapha bambo ako, vula!"

Alonda anabwera kuti awachotse, koma iwo anakakamira mpaka nsalu yakaleyo inathetheka n'kutsalira m'manja mwawo. Kenako anatembenukira kwa kaputeni, anapinda kolala yake, n'kuzula kansalu kaja ndi mano. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"A Kochi alibe mlandu. Ndinasoka ndine. A Nsanja ndi a Njinga ndinawapha ndine, ndi singano yangayi."

Anyamata atatu enawo anavula majezi awo n'kuwaponya pansi ngati muli njoka. Masewero anathera pomwepo. Ena anayamba kukuwiza, ena anathamangira pakhomo, a Kochi anangokhala pabenchi n'kuphimba nkhope. Mayi Sopo sanaone zonsezo. Anakwera masitepe chokwawa mpaka pamzere wachitatu, ndipo anapeza amuna awo ali moyo. Mpweya unali kubwerera, dzanja linali litasiya kunjenjemera. Anagwada n'kuwagwira mapazi, akulira ndi chisangalalo ndi manyazi pamodzi.

"Ndinachitira inu, bambo. Akanatseka holo. Sindinkadziwa kuti zifika pa imfa, amalume anangoti munthu amatopa."

A Manzere anawayang'ana. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Dzulo nditatsegula kabati ndinaona mabowo m'majezi a anzanga," anatero. "Ndinkayesa ndi njenjete. Ndinadabwa kuti yanga yokha zaisiya bwanji."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Mukuti simunkadziwa. Nanga yangayo munaisiyiranji?"



A Manzere anachotsa mapazi awo m'manja mwa akazi awo pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa mwana. Anatola ndodo, anaimirira, n'kuitana mwana wawo amene anali ataima m'munsi chifuwa chili pamtunda.

"Ndigwire dzanja, mwana wanga. Undiperekeze kwa akazi a Nsanja, kenako kwa akazi a Njinga. Pakufunika wina wa m'nyumba mwathu akawauze asanamve kwa anthu."

"Nanga amayi?"

"Amayi ako njira ya kwawo akuidziwa."