Kung'ung'uza m'Khoma la Malemu Herbert

Choyamba kuoneka chinali chitseko cha wadiropu. Chinkanjenjemera chokha, kunja kulibe mphepo kapena galimoto yodutsa, kachitsulo ka loko kakulira ngati kachilombo kotsekeredwa m'botolo.

Elton anali atangolowa kumene m'nyumbayi ku Lupaso. Inali ya mkulu wake Herbert, yemwe anamwalira pangozi mumsewu wa ku Nkhata Bay. Misozi isanaume, Elton anafika ndi mkazi wake Wezi, akuti abale kumudzi agwirizana kuti nyumbayo aisunge iye. Esme, mkazi wa malemuyo, yemwe ankamutchanso anyina Keziya, kutanthauza mayi a Keziya, anamukankhira m'kachipinda kakuseri kosungiramo makasu, kogundana khoma ndi chipinda chimene ankagonamo ndi mwamuna wake. Mipando, kanema ndi masipika ang'onoang'ono a pabalaza zinatsala kwa Elton. Esme sanakangane. Anangoti, "Yewo, alamu," n'kunyamula zimene anamusiyira.

Inali nyengo yozizira, chifunga chikatsika n'kumeza magetsi a anthu oyandikana nawo. Usiku wotsatira, chitseko chitayambanso, Elton anamva chinthu china. Silinali phokoso lolowa m'khutu. Linkakwera kuchokera pansi, kudzera m'miyendo ya bedi, n'kukhazikika pachifuwa pake ngati munthu wamuika bondo. Linkakwera, kutsika, kuima pang'ono ngati likukoka mpweya, n'kuyambanso.

"Wezi," ananong'ona, "ukuchimva?"

"Ndikuchimva, adada."

"Chikuchokera kuti?"

Wezi analoza kudenga. Elton ankaganiza kuti ndi pansi pa bedi. Atayatsa nyali n'kuima pakati pa chipinda, chinazimiririka. Atabwerera kumutu kwa bedi, chinamugwiranso nthiti.

Mawa lake anakwera m'denga ndi tochi, napeza akangaude okha. Anafunsa Esme ngati anamvako kanthu.

"Ine ndimagona bwino chomene, alamu," anayankha Esme akutsuka mbale, osadzutsa mutu.

Nkhani inafika pamsika. Ena ankati pansi pa nyumbayo panakwiriridwa chinthu. Mayi wina wa kwaya atamva Wezi akufotokoza, anagwira pakamwa. "Kukwera, kutsika, kupuma? Amama, a Herbert ankaimba besi kutchalitchi kwathu. Akamaphunzira nyimbo ankang'ung'uza chotero, milomo ili chitsekere."

Wezi sanafune kuuza mwamuna wake, koma mphekesera zinamufika zokha. Kuyambira pamenepo Elton anasiya kugona. Ankakhala tsonga mumdima, thukuta likutuluka m'kuzizira konseko, akutsatira kukwera ndi kutsika kuja mpaka anayamba kuizindikira nyimboyo. Chakudya chinasiya kulowa. Kuchipatala anamuyeza n'kumuuza kuti alibe matenda. Elton anaitana anthu opemphera, iwo anafuula mpaka mawu kusasa, ndipo usiku umenewo nyumba inakhala zii. Atangopita, zinabwerera, galasi la zenera nalonso likulira.

Elton anakokera bedi kukhoma lina. Zinachepa, ndipo anagonako pang'ono. Wezi ndiye anakhala maso, akudabwa kuti mzimu wanji umene umalephera kuwoloka chipinda. Anafunda chitenje, natuluka mwakachetechete, nazungulira kuseri akupapasa khoma lonyowa ndi mame. Pansi pa chitseko cha Esme pankatuluka kakuwala kobiriwira. Anakankha.

Esme anali pansi, miyendo atatambasula. Pakona, pasimenti penipeni, panali bokosi lakuda lalikulu, litakanikizidwa kukhoma. Inali wufa ya Herbert, sipika yotulutsa mawu akuluakulu a pansi okhaokha. Tsiku logawa katundu inali itafundidwa nsalu, Elton n'kuiyesa katebulo. Waya wake unalowa m'foni imene inali pamwendo pa Esme.

Azimayi awiriwo anayang'anana. Esme sanazimitse.

"Ndi mawu ake enieni," anatero motsitsa. "Ndinamujambula akuphunzira nyimbo ya Pasaka. Bokosili limataya mawu onse a pamwamba, limasiya a m'chifuwa."

"Nanga bwanji muno simukumveka kwambiri?"

"Herbert ataigula anakwawa pabalaza ponse ngati mwana, khutu lili pansi, kufuna malo ake abwino. Ine ndikumuseka. Anandiuza kuti pakona osaika, imagwedeza nyumba yonse, ndipo munthu sangadziwe kumene ikuchokera." Anasisita bokosilo. "Inu mukapita kutchalitchi, ine ndimalowa ndi kiyi wanga wakale, ndimagona pabedi langa, n'kumvetsera. Ndasuntha bokosili kambirimbiri mpaka ndinapeza pamene limafika pamtima."

Kenako anadzutsa mutu. "Pitani mukawauze. Andithamangitse. Koma adziwe kuti mkulu wawo anaimba m'nyumba muno iwo asanalowemo."

Wezi anayang'ana mphasa, makasu ounjikidwa kumiyendo kwake, ndi madontho otsika m'malata opanda siling'i.

"Tsiku limene Elton adzatisiye," anatero pomaliza, "ang'ono ake adzabwera ndi mawu omwewa a kumudzi. Ine ndidzagona pa makasu ngati awa."

Anatseka chitseko kumbuyo kwake, namanga chitenje m'chiuno, nagwada pambali pa bokosilo.

"Bedi analisuntha, anyina Keziya. Mutu wake tsopano uli kona iyo. Gwirani uko, tinyamule."

Wufayo anaikhazika pakona inayo, naikankha mpaka inagunda njerwa mbali zonse ziwiri. Esme anapotoza kabatani pang'onopang'ono. Kuseri kwa khoma kunamveka bedi likulira, kenako mawu a mwamuna wamkulu akuitana mkazi wake ngati mwana wotayika pamsika.

Wezi sanathamange. Anadikira kuti nyimbo ithe kaye.

Mwezi usanathe, lole inaima pakhomo m'mawa kukali chifunga. Elton, thalauza likumugwa m'chiuno, anakweza katundu wake yekha, osakhudza ngakhale supuni ya malemu. Makiyi anawaika pakhonde, poti kuwapereka m'manja mwa Esme kunamukanika. Pokwera lole, Wezi anacheuka kamodzi.

"Khalani makora, anyina Keziya."

"Yewo chomene," anatero Esme, akutola makiyi ake.