Zuhura ndi Lichero la Mafulashi

Zuhura ankakhala ku Nkaya, pafupi ndi njanji. Zuhura ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona nkhope ya ababa ake.

Chaka chimenecho mvula inakana. Chimanga chinapserera m'munda. Lichero la amayi linangokhala pakhoma, lopanda ntchito. Ababa anakwera sitima ya ku Nayuchi. Anapita ku Mozambiki kukasaka chimanga. Zuhura anawasowa kwambiri.

Tsiku lina munthu wa pa sitima anabweretsa fulashi. Fulashi ndi kanthu kakang'ono ngati chala. Timakalowetsa mu kompyuta. Mu fulashimo munali vidiyo ya moni wa ababa.

Zuhura anavina. Koma a Amosi, a nyumba yoyandikana nayo, anatambasula dzanja. Anati moni umayambira kwa akulu, ana pambuyo.

A Amosi anailowetsa mu kompyuta ya ku nyumba ya vidiyo. Ababa sanaoneke.

Anailowetsa mu kompyuta ya aphunzitsi. Ababa sanaoneke.

Anapita nayo kwa amalume Sidik, oika nyimbo m'mafulashi a anthu pamsika. Ababa sanaonekebe. Panangooneka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona.

Amalume anaiuzira fulashi, fuu! Anaipukuta ndi malaya. Anaiyanika padzuwa ngati matemba. Fulashi inangotentha basi.

Kutacha, pamsika panali phokoso. Aliyense wolowetsa fulashi yake, nyimbo zake zinkasowa. Zuhura analira. Ankaganiza kuti ababa asowa kawiri.

Mwamwayi panafika Zainab, mwana wa amalume. Iye ankaphunzira za makompyuta ku Balaka. Anayang'ana, n'kuseka.

"Usalire, Zuhura," anatero Zainab. "Ababa alimo. Kawabisa ndi kachilombo ka mu kompyuta."

Zainab anafotokoza. Kachilomboko si kamoyo, ndi pulogalamu yoipa. Kamachoka mu kompyuta, kulowa mu fulashi. Kamachoka mu fulashi, kulowa mu kompyuta ina. Ukadina kachithunzi ka kamuvi, kamadzuka.

A Amosi anayang'ana kumwamba. Iwo anali atadina tonse, ndi mphamvu.

Zainab anati ali ndi pulogalamu yochotsa tizilombo. Koma pafunika kuyeretsa makompyuta onse. Pafunikanso mafulashi onse. Ikatsala imodzi, kachilombo kabwerera.

Zuhura anathamangira kunyumba. Anatenga lichero la amayi. Anayenda khomo ndi khomo.

"Odi! Ndadzatenga fulashi!"

Fulashi ya aphunzitsi, mu lichero. Fulashi ya a telala, mu lichero. Fulashi ya ogulitsa mandasi, mu lichero. Amayi anaseka. Anati chaka chino lichero lakolola mafulashi.

A Amosi okha anapukusa mutu. "Iyayi, mwanawe. Ine fulashi ndilibe."

Zainab anayeretsa makompyuta. Anayeretsa mafulashi, imodzi imodzi. Ntchito inatha Lachisanu m'mawa. Kenako anatuluka kukasamba m'manja. A Amosi anatsala pafupi ndi kompyuta, akuimba mluzu.

Zainab atabwerera, anagwira pakamwa. Timivi tija tinali titabwerera!

Zuhura anayang'ana a Amosi. Tsiku linali lotentha, koma chipewa anachikanikiza mpaka m'makutu. Pansi pa chipewa pankalendewera kachingwe kofiira.

"Agogo," anatero Zuhura mwaulemu, "chipewa chanu chamera mchira."

A Amosi anavula chipewa. Fulashi inagwa pansi. Anati munali nyimbo imene anaimba okha. Ankaopa kuti ifufutidwa.

Zainab anailandira ndi manja awiri. Anaiyeretsa. Anayeretsanso kompyuta. Kenako anauza kompyuta ionetse zobisika.

Nyimbo ya a Amosi inayamba kulira. Mbuzi ya panja inayankha, mee! Anthu anaseka mpaka misozi. A Amosi nawonso anaseka.

"Lero tiyambira mwana," anatero a Amosi. Anamupatsa Zuhura mpando wawo.

Zainab anadina. Ababa anaoneka! Anali ataonda, koma ankamwetulira.

"Zuhura, mwana wanga," anatero ababa, "chimanga ndachipeza. Ndibwera pa sitima ya Lachisanu. Udzandichingamire."

Zuhura anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Zuhura. Kutali, sitima inalira: pooo!

Zuhura anathamanga. Amayi anathamanga. A Amosi anathamanga, chipewa chili m'manja.

Ababa anatsika ndi thumba paphewa. Analiika pansi, n'kumunyamula Zuhura. Kenako anamufunsa chifukwa chimene wabwerera ndi lichero.

Zuhura anadziyang'ana. Zoonadi, lichero linali m'khwapa mwake.

Ababa anamasula thumba. Anathira chimanga mu lichero mpaka linadzaza. Zuhura analisenza yekha mpaka kunyumba.