Bawuti Yomaliza ya Mtolo

Thumba la simenti linali paphewa, lina likudikira m'mphepete mwa lole, pamene Mtolo anamva hutala kumbuyo kwake. Sanatembenuke. Wosenza simenti satembenuka chisawawa, msana ungathyoke. Analowa nalo m'chipinda cha katundu, n'kuliponya pamulu, n'kutuluka akutsokomola fumbi. Hutala inaliranso.

"Alamu! Mwasanduka mzukwa kodi? Thupi lonse mbuu!"

Anali mlongo wa mkazi wake, chigongono chili pawindo la galimoto. Anzake a Mtolo anafa nacho chiseko. Ndi iwo omwe anamupatsa dzinalo, poti sanamuonepo akuyenda wopanda kanthu paphewa.

Lole itatha, mlamuyo anati amuperekeze kunyumba. Koma Mtolo asanakwere, mlamu anatola thumba lopanda kanthu n'kuliyala pampando.

"Khalani bwino, musatsamire. Mipandoyi ndachapitsa dzulo."

Mtolo anakhala chowongoka njira yonse ngati munthu wa pamlandu. Kunyumba anapeza mkazi wake atawerama pabeseni, akuchapa zovala za eni monga mwa masiku onse, mwana wawo Kadontho akumuthandiza kuyanika.

"Mlongo wanu wandinyamula ngati mbuzi," anatero Mtolo.

"Mukanayenda pansi. Miyendo muli nayo."

"Tsiku lina nayenso ndidzamuyalira thumba."

"Yambani mwasamba," anatero mkazi, osadzutsa mutu.

Mawu a mlamu anamudya Mtolo ngati chiswe. Pasanapite nthawi anamva za sing'anga wina wokhwimitsa anthu, ndipo anapita. Sing'angayo sanali wa nsanza ndi mikanda ayi. Anali wa malaya osita, ankakhala m'kachipinda kuseri kwa sitolo, ndipo polankhula ankadula zikhadabo.

"Ukufuna chuma kapena galimoto?"

"Zonse."

"Onse amatero." Anatulutsa kanthu kokulunga m'mphira wakuda. "Ukagule galimoto yakale, yoti yanyamula anthu mpaka kutopa. Yatsopano ilibe njala. Aka ukabise mkati mwa mpando wa dalaivala."

"Ndigula ndi chiyani, bambo? Ndine wosenza matumba."

"Pita nako m'thumba. Wogulitsayo akakupatsa pamtengo wa njinga. Koma mvetsa. Galimotoyo isakhale monga waigulira. Ndikakutumizira uthenga, uchotse chiwalo chakale, uike chatsopano. Makaniko amange zonse, koma bawuti yomaliza umange wekha, ukutchula dzina la munthu wa magazi ako."

"Ndiye munthuyo atani?"

"Galimoto ikapeza, iye ataya."

"Amwalira?"

"Ndatchula maliro ine? Nyale ndi nyale, tayala ndi tayala. Ngati ukuopa, chitseko ndi icho. Simenti sidzatha padziko."

Mtolo anayang'ana chitseko, kenako manja ake ong'aluka. Anatenga kanthu kaja.

Pabwalo la wogulitsa magalimoto akale panali dzuwa ndi fungo la oyilo. Wogulitsayo, bambo wa mimba ndi makiyi ambiri m'chiuno, anayamba nyimbo yake asanamuyang'ane n'komwe.

"Iyi ankayendera mayi wina wachikulire, kutchalitchi basi. Iyi ya adokotala, sinadwalepo."

"Nanga iyo?" Mtolo analoza kumpanda, kumene kunali galimoto yotuwa, udzu utamera m'matayala, chitseko chomangidwa ndi chingwe.

"Imeneyo ndi nkhalamba, achimwene. Ikudikira oiphwasula."

Mtolo anagwira thumba la buluku n'kutchula mtengo wochititsa manyazi. Wogulitsayo anatsekula pakamwa kuti amuthamangitse, koma m'malo mwake anavula kiyi m'chiuno. Anadzikanda m'mutu, osamvetsa chimene wachita.

"Ikafera panjira musabwere kuno. Ine ndimagulitsa, sindiukitsa akufa."

Sinafere panjira. Mtolo anaphunzira chiwongolero, n'kuyamba kunyamula anthu ndi katundu wawo. Anthu ankasiya magalimoto abwino n'kudikira chiphakasa chakecho, osadziwa chifukwa. Kumene waimika, malonda ankamutsata. Posakhalitsa anatsekula sitolo ya simenti ndi malata, ndipo anzake aja anayamba kutsitsa matumba ake, akumutcha bwana.

Uthenga woyamba unati nyale. Mtolo anagula zoyera zowala ngati mphezi. Makaniko wa pagalaja yapafupi, munthu wanthabwala, anamanga zonse, ndipo anadabwa Mtolo atamulanda sipanala.

"Bwana, mukufuna mundilande ntchito?"

"Pita ukamwe madzi."

Mtolo anawerama. Anaganiza za bambo ake, amene maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu. Anadziuza kuti akungofulumizitsa chimene chinali panjira. Anatchula dzina lawo n'kukhwimitsa bawuti.

M'mawa mwake mkuluyo anadzuka n'kufunsa chifukwa chake kunja sikukucha.

Anawatengera kunyumba yatsopano ya Mtolo. Amene ankawagwira dzanja kupita nawo kubafa, kuwaikira mbale m'manja, kuwauza kuti apa pali khomo, anali amake Kadontho. Mtolo anawagulira wailesi ndi bulangete lofewa, koma m'chipinda mwawo sankalowamo.

Atatha nyale, mtima unauma. Uthenga wachiwiri unati zokuzira mawu, ndipo anaika zazikulu zogwedeza mawindo a anthu. Mlongo wake wa Mtolo, mayi wogulitsa pamsika, anagontha makutu onse, makasitomala n'kumamuseka akamawabwezera zosayenera. Kenako anabwera matayala otambalala a malimu onyezimira. Mng'ono wake, amene ankakhalira kupalasa njinga ya katundu, anadzuka miyendo ili lende ngati zingwe. Pakati pa zimenezi Mtolo anaipaka galimoto utoto wofiira, n'kuda magalasi, n'kukuta mipando ndi chikopa. Izi zinalibe bawuti, ankangochita mokondwa. Wogulitsa uja ataiona ikudutsa anaithamangira kufunsa ngati ikugulitsidwa, osaizindikira.

Ndipo tsiku lina galimoto ya mlamu itawonongeka, Mtolo anaima, n'kutsekula chitseko, n'kuyala thumba la simenti pampando.

"Musatsamire, alamu."

Anabwera kunyumba akuseka yekha. Anapeza mkazi wake ali pabeseni.

"Mukundichititsa manyazi, amake Kadontho. Mkazi wa mwini sitolo kumachapa zovala zamkati za anthu?"

"Ndalama yanga ndimaidziwa kumene yachokera. Yanuyo sinunkha thukuta."

Mayiyu sanali wopusa. Matenda atatu m'banja limodzi, madokotala osapeza kanthu, zinkamusowetsa mtendere. Tsiku lina popereka zovala zochapa anadutsa pagalaja, makaniko n'kumuitana.

"Mayi, bwana wanu ndi munthu wa mapemphero! Bawuti yomaliza amaimanga okha, akuinong'oneza. Tsiku la matayala ndinamva akutchula mng'ono wawo. Ndinati kapena akumupempherera."

"Tsiku la matayala linali liti?"

Makaniko atanena, mayiyo anatula mtolo wa zovala pansi. Linali dzulo lake la tsiku limene mng'ono wa Mtoloyo analephera kudzuka.

Anamudikira mwamuna wake pakhomo.

"Nyale zija munagula ndi maso a bambo anu."

Mtolo sanakane. Anavula nsapato pang'onopang'ono.

"Pamene ndinkalavula simenti, ndani anandimvera chisoni? Bambo lero akudya nyama. Mng'ono wanga ndamugulira njinga ya olumala. Onse ndikuwasunga ine. Ndinabadwa wosauka, koma sindifa wosauka."

"Lowani mukawauze bambo anu zimenezo. Chitseko chawo ndi icho."

Sanalowe.

"Mundimve bwino," anatero mayiyo. "Abale anu mwawadya, ndipo Mulungu akufunsani. Koma tsiku limene dzina la mwana wanga lidzatuluke pakamwa panu pafupi ndi chigalimoto chimenecho, mudzadziwa kuti manja ochapa ali ndi mphamvu."

Uthenga wotsatira unati injini. Mtolo anathamangira kwa sing'anga, n'kumupeza akudulabe zikhadabo.

"Injini ndi chiyani pa munthu?"

"Ukufunsa chimene ukudziwa. Gwira pachifuwa."

"Nditchula bambo. Akalamba kale."

"Injini yatsopano ugule ndi mtima wotha? Eni mankhwalawa sadya zotsala."

"Mkazi wanga."

"Si magazi ako. Ndiponso ameneyo angatitsamwe." Sing'anga anauzira zikhadabo patebulo. "Uli ndi kamtsikana. Kamtima kake kakugunda bwino."

"Ayi! Mwana wanga ayi. Ndingomanga osatchula munthu."

"Manga. Bawuti yopanda dzina imadziwa mwini galimoto."

"Ndiye sindisintha injini."

"Usasinthe. Sindikakamiza munthu ine."

Kwa kanthawi Mtolo analimba, ndipo pa ichi chokha tingamuyamikire. Koma simenti inayamba kuuma m'matumba mvula isanagwe. Malata anachita dzimbiri ali m'sitolo. Makasitomala ankafika pakhomo n'kubwerera ngati aiwala chimene adzera. Galimoto inayamba kufuka utsi wakuda ndi kutsokomola pamaso pa anthu. Tsiku lina ikukana kulira pamsewu, anzake akale anamukuwira ali pamwamba pa lole.

"Mtolo! Siya chiphakasacho, bwera udzagwire thumba! Phewa likadalipo?"

Palibe amene anati bwana. Madzulo ake Mtolo anaitanitsa injini.

Linali dzuwa la masana pamene makaniko anakoka injini yakale ndi tcheni. Nthawi yomweyo kunyumba Kadontho, amene ankayanika zovala, anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Amayi, pamtima pakulemera."

Milomo yake inali itatuwa. Mayiyo anayang'ana pabwalo, galimoto panalibe. Sanafunse munthu. Anagoneka mwanayo pamiyendo ya agogo ake akhungu, n'kuthamanga thovu la sopo lili m'manja.

Pagalaja injini yatsopano inali italowa kale. Makaniko anali atapita kuseri kukasamba m'manja monga Mtolo anamuuzira. Mtolo anali atawerama pansi pa boneti, sipanala ili pabawuti, misozi ikugwera pachitsulo. Ankalira ndithu, koma sipanala sanaisiye.

"Kado..."

Sanamalize. Mkazi wake anamugunda ndi phewa, Mtolo n'kukagwera pamulu wa matayala akale. Sipanala inatsala pabawuti, ndipo mayiyo anaigwira.

"Siyani! Amake Kadontho, siyani! Simukudziwa zimene mukuchita!"

"Ndikumanga bawuti."

"Yopanda dzina imagwera ine!"

Mayiyo anaima. Anamuyang'ana mwamuna amene anakhala naye m'kachipinda kodontha, amene ankamutsuka fumbi kumsana ndi manja ake omwewo.

"Ndiye pali njira ina? Nenani msanga."

"Tingotchula... tidzabereka wina..."

"Mwatero?"

Anagwira sipanala ndi manja onse awiri, manja ofinya mabulangete a anthu, n'kukoka. Mtolo anadzuka kuti amulande, koma mayiyo anakokanso, milomo atailuma kuti pasatuluke dzina la munthu aliyense. Bawuti inalira kuti kwii, n'kukhazikika.

Makaniko anatulukira akupukuta m'manja, osadziwa kanthu.

"Eee, lero amanga ndi mayi? Tiyeni tiimve!"

Analowa n'kupotokola kiyi. Injini inalira kamodzi kokha, mosalala ngati mphaka wokhuta. Mtolo anagwira pachifuwa. Anayenda pang'ono kulunjika kugalimoto yake yofiira, anafikira chitseko, n'kugwada, chipumi chitatsamira pautoto wonyezimira. Pamene makaniko ankazimitsa injini kuti amudzutse, munthu anali atapita.

Kadontho anadzuka madzulo omwewo n'kupempha madzi. Koma maso a agogo ake sanabwerere, azakhali ake sanamvenso, ndipo mng'ono wa Mtolo sanapondenso pansi. Sitolo inatha ngati mchere m'madzi. Galimoto inakana kulira kwa wina aliyense, mpaka anaikankhira kwa wogulitsa uja, amene anaibwezera kumpanda kuti idikire munthu wina wa njala. Abale ena ankanong'ona kuti mkazi anapha mwamuna. Iye anawayankha pamaliro pomwepo, anthu onse akumva, kuti bawuti anamanga ndi iye, ndipo itamasuka angaimangenso. Olumala atatu aja anawasunga yekha ndi beseni lake.

Inu amene mtima umakuwawani galimoto ya mnzanu ikadutsa, imvani. Umphawi umapweteka, palibe akukana. Koma chuma cha mankhwala sichipatsa, chimasinthanitsa, ndipo chimayamba ndi amene ukuganiza kuti ungakhale popanda iwo. Dyera likamaliza abale ako silikhuta. Limatembenuka n'kudya iwe mwini.