Mpira wa Amayi a Tavarius

Tavarius Mabry anadutsa mzere atakumbatira mpira pachifuwa, bwalo lonse n'kuphulika ndi phokoso. Chinali chigoli chake choyamba chilowereni m'timu yaikulu ya mpira wa ku America, uja wonyamula m'manja, ndipo mpira wa chigoli choyamba sutayidwa, mwiniwake amapita nawo kwawo. Wakewu anali ataulonjeza kale kwa amayi ake ku Mississippi, amene ankamuchapira yunifolomu kuyambira ali kamwana.

Koma anzake akumunyamula m'mwamba, mpirawo unamupulumuka. Anautola Cordell Pickens, woponya mpira, mkulu wa timu amene ndevu zake zinali zitayamba kale imvi. Osaganiza n'komwe, anauponyera anthu oonerera, mpira n'kusowa m'chikhamu.

"Akulu, mpira wanga uja!" anakuwa Tavarius.

"Iwe mfana, kugoletsa kamodzi kokha ukufuna tikumangire chipilala?" anaseka Cordell. "Gwira chipewa changachi, ukandiikire."

Kunyamula zipewa zotetezera mutu za akuluakulu ndi ntchito ya obwera kumene. Tavarius anali atazinyamula, atawagulira nkhuku yokazinga, atawaimbira nyimbo ali chiimire pampando iwo akumukuwiza. Zonsezo anapirira, koma izi ayi. Amayi ake atamuimbira foni n'kufunsa kuti, "Mpira wanga uja ufika liti, mwanawe? Pashelefu ndapukuta kale," mtima unangomuwira.

"Aona mdala ameneyu," ankatero yekhayekha. "Aona ndithu."

Mpata sunachedwe. Paja wothamanga ndi mpira ngati Tavarius ali ndi ntchito ina yosatchuka: mnzake akamakonzekera kuponya, iye amaima pafupi n'kutchinga aliyense wobwera kudzamugwetsa. Patapita masabata angapo, masewero ali mkati, chimunthu cha timu inayo chinatulukira pampata chikuthamangira Cordell. Tavarius anachiona bwinobwino. Anangopendekera kumbali, ngati munthu wopatsa njira njinga. Amveko kuwawa pang'ono, basi.

Linangomveka bondo la Cordell kuti thyo! Cordell anamutulutsa m'bwalo atamugoneka pangolo, akuluma mano. Ndipo tisabise, kwa kanthawi kochepa mtima wa Tavarius unazizira bwino. Aphunzitsi a timu anangoti ndi ubwana, obwera kumene amaphonya. Nkhani inathera pomwepo.

Lachitatu m'mawa, Bambo Otis, osamala zovala za timu, anamuikira Tavarius katoni pabenchi.

"Zachokera kwa Cordell izi. Anandituma kalekale, koma wopenta anachedwetsa."

M'katonimo munali mpira, mbali imodzi yopakidwa utoto woyera, palembedwa dzina la Tavarius ndi tsiku la chigoli chija.

"Masewero a chigoli chako aja atangotha anazindikira kuti walakwitsa," anapitiriza Bambo Otis. "Anakwera yekha kumipando kukasaka amene anauwakha, n'kusinthanitsa ndi jezi yake. Anandiletsa kukuuza, ati ankafuna adzaone nkhope yako ukamatsegula. Nanga wakhala bwanji, mwana iwe? Wadwala?"

Masana omwewo Tavarius anapita kuchipatala. Anapeza Cordell ali chagada, mwendo wonse utamangidwa.

"Mpira wafika?" anafunsa Cordell.

"Wafika, akulu."

"Ukawapatse mayi, ukawauze kuti ndinapepesa." Anayang'ana kudenga. "Madokotala akuti basi, za mpira ndiiwale. Kanema wa masewero aja ndamuonera mobwerezabwereza, mfana. Iwe suphonya munthu wobwera molunjika chonchija. Ndimakudziwa."

Tavarius anazolika. Manyazi anamugwira.

"Sindiuza munthu," anatero Cordell. "Tuluka, unditsekerenso chitseko."

Tavarius anasewera zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anatchuka. Oponya mpira onse ankamulimbirana, chifukwa iye akaima kutchinga, panalibe wodutsa. Ankadziponya patsogolo pa zimphona zomuposa, mapewa n'kutha, mano ena n'kuguluka. Atolankhani akamufunsa kumene anaphunzira kulimba mtima kotere, ankangoti, "Ndi ntchito."

Mpira uja uli pashelefu ku Mississippi mpaka lero. Amayi ake amaupukuta Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa. "Anamupezera ndi mnzake wina wamtima wabwino," amatero monyadira. Tavarius akapita kukawaona, amasankha mpando woufulatira.